Ndani adzawatembenuze usiku?

Nkhani ya kuchuluka kwa okalamba ikafika pa wailesi kapena pa intaneti, amene amaitanidwa kudzalankhula nthawi zambiri amakhala katswiri wa zachuma. Amabwera ndi manambala ake, n'kunena za penshoni, za misonkho, za zaka zopumira pantchito, ndipo akamaliza aliyense amavomereza. Sindikuwatsutsa akatswiriwa. Koma ine ndakhala ndikusamalira amayi anga chidwalireni sitiroko, ndipo chimene chimandisowetsa tulo si ndalama kwenikweni. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha pabedi amafunika kumutembenuza pakangopita maola awiri kapena atatu, usana ndi usiku, apo ayi khungu la m'chiuno, la kumsana ndi la kuzidendene limabuka zilonda zovuta kupola. Ndiye ndikamva kuti okalamba achuluka kuwirikiza kawiri, ndimafunsa kuti manja owatembenuzawo achokera kuti.

Manambalawo ndi oona, ndipo ndi bwino tiwadziwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo analipo 1 biliyoni, pofika 2030 adzakhala 1.4 biliyoni, ndipo mu 2050 adzakwana 2.1 biliyoni. A zaka 80 kupita m'tsogolo, omwe ndi amene amafuna chisamaliro chachikulu, adzawirikiza katatu n'kufika 426 miliyoni. Mu 2018, koyamba chikhalire, anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anaposa ana osakwana zaka zisanu padziko lonse. Apa palibe zolosera ayi. Amene adzakwanitse zaka 60 mu 2050 anabadwa mu 1990. Alipo kale, ali ndi dzina, mwina akuwerenga izi pafoni yake.

Zafika apa pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse n'zabwino. Anthu asiya kufa ali aang'ono monga kale. Cha m'ma 1950, tikatengera dziko lonse lapansi, mwana akabadwa ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Lero ndi zoposa 70. Katemera, madzi abwino, mankhwala opha tizilombo ndi azamba ophunzira ndi amene achita zimenezi. Komanso amayi akubereka ana ochepa, kuchoka pa ana asanu pa mayi aliyense m'zaka za m'ma 1960 kufika pa awiri ndi kakanthu lero. Ku South Korea chiwerengerochi chinatsika mpaka 0.72 mu 2023. Walira mvula walira matope, ndipo ine matope amenewa ndiwalandira ndi manja awiri kusiyana ndi zija anaziona agogo athu, zoika m'manda ana asanayambe n'kuyenda komwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro lake. Dziko la France linatenga zaka pafupifupi 150 kuti okalamba ake achoke pa anthu 10 mwa 100 alionse kufika pa 20. Linali ndi nthawi yomanga zipatala, kukhazikitsa penshoni, kulakwitsa n'kukonza. Brazil, China ndi India ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 20 kuti achite zomwezo. Ndipo pofika 2050 okalamba ambiri adzakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati ku Ulaya kapena ku Japan kumene timawaona pa TV. Maiko olemerawo anayamba alemera, ukalamba n'kubwera pambuyo. Enawa ukalamba uwapeza thumba likadali lopepuka.

Za penshoni ndinenepo pang'ono, poti ndi kumene aliyense amayambira. Penshoni ya boma monga tikuidziwira lero inayambira ku Germany mu 1889, nthawi ya mtsogoleri wa boma la dzikolo Otto von Bismarck, ndipo munthu ankayamba kulandira atakwanitsa zaka 70, msinkhu umene antchito ambiri sankaufika n'komwe. Kayendetsedwe kake n'kosavuta: uli ndi bwana, uli ndi malipiro a pamwezi, akudulapo pang'ono, ukadzakalamba udzabwezeredwa. Koma bungwe loona za ntchito la ILO linanena mu 2018 kuti anthu oposa 60 mwa 100 alionse ogwira ntchito padziko lapansi analibe bwana wotere. Ndi alimi, ogulitsa malonda, aganyu, osoka zovala, antchito a m'nyumba. Palibe poti n'kuwadula. N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu maiko amene anangoganiza zopereka kandalama kwa wokalamba aliyense osafunsa kuti unkagwira kuti: Nepal mu 1995, Botswana mu 1996 kwa a zaka 65, Lesotho mu 2004 kwa a zaka 70, Bolivia mu 2008. Lesotho ndi Nepal si maiko olemera, choncho wonena kuti zimenezi n'za azungu okha ayambe wapita akaone.

Amayi anali mphunzitsi, ndiye ali ndi kapenshoni kawo. Sikakwana ngakhale matewera a mwezi wonse. Koma tsiku limene kalowa nkhope yawo imasintha. Amaitanitsa mdzukulu, kumutuma, kumupatsa kenakake m'manja. Munthu amene akusambitsidwa ndi mwana wake amafunika kukhala nacho chinthu chimodzi chimene wopereka ndi iyeyo.

Maboma ena akuthawira kokweza zaka zopumira. Ku France mu 2023 anthu anadzaza m'misewu pokana lamulo lokweza zakazi kuchoka pa 62 kufika pa 64, ndipo China inayamba kukweza zake pang'onopang'ono mu January 2025. Kwa munthu wa muofesi ngati ine, zaka ziwiri zowonjezera sizingandiphe. Kwa womanga nyumba amene wasenza njerwa kuyambira ali mnyamata, mawondo anamuthera kale asanafike n'komwe pa 60. Lamulo limodzi loyeza onse awiriwa ndi muyeso wofanana, ine sindiliona chilungamo chake.

Koma tiyerekeze kuti ndalama zapezeka. Mukawerenga ndondomeko za maboma ambiri zokhudza okalamba, mupezamo chiganizo chofanana, chakuti banja ndilo lidzakhale patsogolo powasamalira. Aliyense amachiombera m'manja, nanga alipo amene amafuna kuoneka wotaya makolo? Koma banja lonse silidzuka 2 koloko usiku. Amadzuka ndi munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri amakhala mwana wamkazi, mkazi wa mwana wawo, kapena mkazi wa wodwalayo amene nayenso ndi nkhalamba yoyendera ndodo.

M'mawa ndimayamba n'kuona khungu la amayi, paliponse pamene fupa limagunda matiresi. Kenako kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kusintha zofunda ngati zanyowa. Kuwachotsa pabedi kuwaika pampando kuli ndi njira yake imene anandiphunzitsa a mafizo: mawondo anga atsekereze awo, msana wanga ukhale wowongoka, tiwerenge mpaka katatu kuti tidzukire limodzi. Ukapupuluma mugwa nonse awiri. Kudya kumatenga nthawi chifukwa sitiroko inasokoneza kamezedwe kawo. Ayenera kukhala tsonga, kumeza pang'onopang'ono, ndipo madzi akalowera kolakwika akhoza kuyambitsa chibayo. Pali mankhwala a m'mawa ndi a usiku. Pali kutambasula dzanja lomwe linafa lija kuti lisapindikiretu. Pali kuchapa kosatha. Palinso kungokhala nawo pansi n'kumacheza, ngakhale mawu awo amatuluka movutikira ndipo nkhani imodzi imatha theka la ola. Pa zonsezi palibe chimene ndinganene kuti n'chovuta kwambiri pachokha. Kulemera kwake n'kwakuti mawa ziliponso, Lamlungu ziliponso, iwe ukadwala chimfine ziliponso.

Bungwe la ILO lomwe lija linapeza mu 2018 kuti pa ntchito yonse yosamalira anthu imene salipira padziko lapansi, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi akazi. Ine ndinachepetsa masiku opita kuntchito, malipiro anatsika, ndipo zimene ndimasonkha ku penshoni yanga zinatsikanso. Ndiye kuti posamalira nkhalamba ya lero tikukonza nkhalamba yosauka ya mawa, ndipo nkhalamba imeneyo ndine. Achimwene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, sindingawanamizire. Amaimbanso foni: "Achemwali, amayi adzuka bwanji?" Ndimangoti adzuka bwino, chifukwa nditati ndifotokoze za usiku wonse mayunitsi awo angathe. Koma ndalama zawozo zimawerengedwa m'mabuku a zachuma cha dziko, pamene usiku wangawo sulembedwa paliponse, ndipo chimene sichinalembedwe palibe amene amachikonzera bajeti.

Maiko awiri amene anayesa kuiyang'ana nkhaniyi m'maso ndi Germany ndi Japan. Germany inakhazikitsa inshulansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali mu 1995, yosiyana ndi ya chipatala. Munthu akafooka amamuyeza kuti akufunika thandizo lochuluka bwanji, ndipo banja limasankha kulandira ndalama n'kumusamalira lokha, kapena kutumiziridwa antchito. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti wachibale amene akusamalira wodwala maola okwanira pa mlungu, inshulansiyo imamusonkherako ku penshoni yake. Japan, kumene anthu pafupifupi 29 mwa 100 alionse ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo, inayamba yake mu 2000. Aliyense amayamba kusonkha akakwanitsa zaka 40, ndipo wokalamba akafooka pamakhala munthu wapadera womukonzera dongosolo: tsiku lakuti kubwere womusambitsa, tsiku lakuti galimoto idzamutenge kupita kumalo ochezera okalamba masana. Koma Japan inakana kupereka ndalama m'manja mwa banja, ndipo ena mwa amene anakana mwamphamvu anali magulu a amayi. Ankati ndalamazo zikangolowa m'nyumba, mkazi wa mwana wamwamuna adzatsekeredwa momwemo mpaka kalekale.

Nditamva zimenezi koyamba ndinadabwa, chifukwa ine ndalamazo ndikanazifuna. Koma ndikaganiza mofatsa ndimaona kuti amayi a ku Japan aja ankawadziwa bwino abale awo. Kukanakhala kuti ndimalandira kanthu, tsiku limene ndingadandaule kutopa wina akanandiyankha kuti, "Nanga si mumalandira?" Ndipo nkhani ikanathera pomwepo.

Ngakhale maiko awiriwa, ndi ndalama zawo zonse, akusowa manja. Japan inayamba kuitana anamwino ndi osamalira okalamba kuchokera ku Indonesia mu 2008, ku Philippines mu 2009 ndi ku Vietnam mu 2014. M'nyumba zambiri za ku Germany amene amagona m'chipinda choyandikana ndi nkhalamba ndi mayi wochokera ku Poland kapena kwina kum'mawa kwa Ulaya. Mayi ameneyu nayenso ali ndi amake kwawo, ndipo nawonso akukalamba. Dziko lolemera likamati lathetsa vuto lake poitana antchito akunja, vutolo langosamukira kwa osauka. Za maloboti musandiuze. Ku Japan komweko anapanga loboti yooneka ngati chimbalangondo yoti izinyamula odwala, anaionetsa mu 2015, koma sinafike m'nyumba za anthu. Makina othandiza kunyamula alipo ndipo amapulumutsa misana, koma pafunikabe munthu woona kuti lero nkhope ya agogo yasintha, sakumwa madzi, mkodzo wawo wayamba fungo lachilendo. Ntchito imeneyi anthu amaithawa chifukwa malipiro ake ndi otsika ndipo ulemu wake ndi wochepa. Dziko limene likufuna osamalira okalamba mu 2040 liyenera kuyamba lero kuwaphunzitsa, kuwapatsa satifiketi, kuwalipira moti mnyamata kapena mtsikana wanzeru aione ngati ntchito yoti n'kukalamba nayo. Ndanena dala kuti mnyamata. Kunyamula munthu wamkulu kumafuna mphamvu, ndipo pali abambo okalamba ambiri amene angakonde kusambitsidwa ndi mwamuna mnzawo.

Maboma ena anaganiza zokakamiza ana ndi lamulo. Singapore ili ndi lamulo la 1995 lolola kholo lokalamba kusumira mwana amene sakulithandiza, India inakhazikitsa lofanana nalo mu 2007, ndipo China mu 2013 inalamula kuti ana azikaona makolo awo pafupipafupi. Ndikumvetsa kumene maganizowa akuchokera, chifukwa ana osalabadira alipo. Koma khoti likhoza kulanda ndalama, silingabereke mwana amene sanabadwe. Ku China, kumene kwa zaka zoposa 30 mabanja ambiri ankaloledwa mwana mmodzi yekha, munthu mmodzi amapezeka ali ndi makolo awiri ndi agogo anayi omuyang'anira iyeyo. Akakwatira, katundu yense uja awirikiza. Ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani, ali ndi manja awiri basi.

Mukandifunsa chimene chandithandiza kwambiri ineyo, si ndalama za achimwene, ngakhale ndimazithokoza. Ndi mayi wina wophunzira za chisamaliro amene amabwera tsiku limodzi pa mlungu. Tsiku limenelo ndimatuluka, ndimakaona anzanga, nthawi zina ndimangogona tulo tosadukiza. Ndikabwerako ndimakhala munthu, ndipo amayi amapeza mwana wawo osati wantchito wokwiya. WHO ikuti wokalamba mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina pa chaka, ndipo ochita nkhanzawo nthawi zambiri ndi a m'nyumba momwemo. Sindikuikira kumbuyo aliyense womenya kapena kutukwana nkhalamba. Koma ndikudziwa mmene mawu amakhalira akuthwa ukakhala kuti sunagone bwino kwa miyezi. Wokonza ndondomeko amene akufuna kuteteza okalamba ayambe wapezera wowasamalirayo tsiku lopuma.

Mbali ina imene imanyalanyazidwa ndi yochedwetsa tsiku limene munthu adzafune manja a wina. Sitiroko ya amayi inabwera chifukwa cha BP. Matenda amenewa sapweteka, munthu amayenda nawo zaka akudziona wabwinobwino, ndipo WHO ikuti pafupifupi theka la akuluakulu amene ali nawo sadziwa n'komwe. Kuyeza kumatenga mphindi ziwiri. Mapiritsi ake ndi ena mwa otsika mtengo kwambiri m'chipatala chilichonse. Mukayerekeza mtengo wa mapiritsiwo ndi mtengo wa zaka zosamalira munthu wakufa ziwalo, mumadabwa kuti bwanji maboma sayenda khomo ndi khomo ndi makina oyezera. Kukonzekera ukalamba kumayamba munthu ali ndi zaka 40, pamene akuganiza kuti nkhaniyi siikumukhudza.

Kugwa nakonso. Anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Amene apulumuka atathyoka fupa la m'chiuno ambiri sayendanso monga kale. Koma tikaona chimene chinawagwetsa timapeza tinthu tochititsa manyazi: kakapeti kopindika m'mphepete, pansi ponyowa m'bafa, njira ya kuchimbudzi yopanda nyale, patapata wakutha, mankhwala ogonetsa. Amayi atatuluka m'chipatala tinapeza kuti njinga yawo ya olumala siingalowe pakhomo la bafa, ndipo tinachita kugumula khoma. Amene anamanga nyumbayo akanawonjezera chikhatho chimodzi m'lifupi mwa khomolo, sizikanamudyera chilichonse. Nyumba zimene zikumangidwa chaka chino ndi zomwe anthu adzakalambiremo mu 2060, koma tikuzimangabe ngati za anthu amene adzakhale ndi zaka 30 mpaka muyaya: masitepe ataliatali, makomo opanikiza, chimbudzi chakutali ndi kuchipinda. Misewu nayonso chimodzimodzi. Ku Singapore wokalamba amagunditsa khadi lake pamalo owolokera msewu ndipo magetsi amamuwonjezera nthawi yoti awoloke. Wina anachita kukhala pansi n'kuganizira liwiro la miyendo ya munthu wa zaka 80.

Maso ndi makutu timangoti ndi ukalamba, n'kuzisiya. Koma ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosatha ola, ndipo munthu amene anasiya kuyenda yekha amayambiranso. Wosamva bwino amayamba kudzipatula chifukwa watopa n'kufunsa kuti "mwati bwanji?", ndipo ofufuza apeza kuti kusamva kosathandizidwa kumawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala. Zipatala zathu padziko lonse zinamangidwa poganizira matenda obwera kamodzi n'kuchoka. Wokalamba amabwera ndi BP, shuga, nyamakazi ndi mtima nthawi imodzi, ndipo dokotala aliyense amalemba mankhwala a chiwalo chake osaona zimene mnzake walemba. Ine masiku ano ndimanyamula mabotolo onse m'kachikwama n'kuwakhuthulira patebulo pa adokotala kuti awaone pamodzi. Tsiku lina anachotsapo awiri amene ankagwira ntchito yofanana, ndipo chizungulire chimene amayi ankadandaula chinatha.

Matenda oiwalaiwala aja ndi amene ndimawaopa kuposa onse. Anthu oposa 55 miliyoni ali nawo padziko lapansi, ndipo chaka chilichonse pamawonjezereka pafupifupi 10 miliyoni. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Alzheimer. Munthu thupi lili lamphamvu ndithu, koma watuluka usiku kufunafuna nyumba imene anakuliramo, kapena akuti mwana wake wamubera ndalama zimene wabisa yekha. M'malo ena padziko nkhalamba yotere, ikapezeka ikuyenda usiku isakudziwa kumene ili, anthu amaitcha mfiti n'kuigenda. Ku Netherlands anamanga mudzi wonse wa odwala matendawa, wa Hogeweyk, womwe unatsegulidwa mu 2009, wokhala ndi sitolo ndi misewu yake, koma zimenezo n'zodula ndipo zimathandiza anthu ochepa. Chimene ndingakonde kuti chifalikire ndi cha ku Japan. Kuyambira mu 2005 akhala akuphunzitsa anthu wamba, kwa ola limodzi ndi theka lokha, mmene angazindikirire ndi kulankhulira ndi munthu wosokonezeka chonchi. Aphunzitsa ogulitsa m'masitolo, a kubanki, madalaivala, ana a sukulu, ndipo chiwerengero chawo chinapitirira 10 miliyoni. Pamenepa sipafunika nyumba yatsopano kapena makina, koma mphunzitsi ndi chipinda.

Mu August 2003 ku France kunatentha koopsa ndipo anthu pafupifupi 15,000 anafa, ambiri okalamba, ena ali okha m'nyumba zawo achibale atapita kutchuthi. Dziko lokhala ndi zipatala zapamwamba linapezeka kuti silikudziwa kuti nkhalamba zake zokhala zokha zili khomo liti. Pambuyo pake makhonsolo analamulidwa kusunga kaundula wa okalamba ndi olumala ofuna kuyenderedwa kukakhala ngozi. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa ikuonetsa kuti kukonzekera kwina ndi kope ndi cholembera chabe: ndani akukhala yekha, ndani ali ndi kiyi wa nyumba yake, ndani adzagogode akapanda kutsegula zenera m'mawa. Mpingo, mzikiti, komiti ya m'dera, aliyense angathe kuchita zimenezi osadikira nduna.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa tikapita kuchipatala. Adokotala ena amayang'ana ine n'kufunsa kuti, "Akumva kupweteka pati?" amayi ali pompo, maso ali gwa pa iwo. Ndimayankha kuti, "Afunseni eni ake, akumva." Amatenga nthawi kuti ayankhe, inde, koma amayankha. Maiko a dziko lapansi anasainirana ku Madrid mu 2002 ndondomeko yonena kuti okalamba azitenga nawo mbali pa zowakhudza, ndipo bungwe la United Nations linatcha zaka za 2021 mpaka 2030 kuti ndi zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi. Koma m'nyumba zathu timakhala pabalaza kukambirana kumene agogo akakhale, eni ake tawatsekera kuchipinda. Tsiku lina achimwene anabwera ndi maganizo oti amayi asamukire kwawo kumene kuli chipatala chachikulu pafupi. Tinakambirana mpaka usiku. Titapita kukawauza, amayi anangoti, "Anzanga ali kuno." Anzawowo ndi amayi awiri okalamba amene amabwera Lachinayi kudzaimba nawo nyimbo, ndipo pa mapulani athu onse aja palibe amene anawawerengera. Sanasamuke.

Tisaiwalenso kuti okalamba ambiri sali pabedi. Akulera zidzukulu, akulima, akuyendetsa mabizinesi, akusamalira okalamba anzawo. Amayi asanadwale analera ana anga onse awiri ine ndili kuntchito, ndipo palibe amene anawalipira. Ndikamva wina akunena za okalamba ngati katundu wolemetsa dziko, ndimafuna kumufunsa kuti anamulera ndani iyeyo makolo ake ali kokasaka ndalama.

Ine ndadutsa zaka 50, ndipo ana anga awiriwo zikuoneka kuti adzakhala kutali. Sindikufuna kuti mwana wanga wamkazi adzasiye ntchito chifukwa cha ine, ndipo ndamuuza. Ndalemba pepala lonena amene adzandilankhulire ndikadzalephera kulankhula, chithandizo chimene ndingalole ndi chimene sindikufuna, ndi kumene kuli mapepala a nyumba ndi a kubanki. Iye anakana kuliwerenga, akuti ndikuitana tsoka, ndiye ndinapatsa mchimwene wake kope lina. BP ndimayeza mwezi uliwonse. Ndimadzuka pampando osagwira ndi manja, kangapo m'mawa uliwonse, chifukwa a mafizo anandiuza kuti mphamvu ya m'ntchafu ndi imene imasiyanitsa wopita yekha kuchimbudzi ndi wodikira kunyamulidwa.

Ndipo ndi anzanga atatu a msinkhu wanga tayamba kukambirana zodzakhala moyandikana tikadzapuma pantchito, n'kumasonkherana kulipira wosamalira mmodzi kapena awiri, m'malo moti aliyense adzalimbane ndi zake payekha. Mmodzi ndi namwino wopuma, ndiye akuti iye adzayang'anira za mankhwala. Tagwirizana kale kuti nyumbazo zidzakhale zopanda masitepe ndiponso za makomo aakulu. Pamene tatsamwa ndi pa funso limene anafunsa wamng'ono mwa ife, amene amatichepera zaka zisanu ndi chimodzi: enanu mukadzafooka ine ndidzakuthandizani, nanga ine ndikadzafooka mudzakhala muli kuti? Wina anati tipeze achinyamata awiri tiwalowetse m'gululi, iye n'kuyankha kuti achinyamatawo adzafunsanso funso lomwelo. Tikumananso mwezi wamawa, ndipo namwino uja walonjeza kubwera ndi mlamu wake wodziwa za malamulo kuti atiuze mmene tingalembere pangano loti ndalama za woyamba kumwalira zidzatsalire womaliza.